Kuumba wofufuza woima payekha mu nkhani yanu: yambirani pa zomwe alibe

Ngati mukulemba nkhani yopeka ya wofufuza milandu, uja woima payekha amene anthu amachita kumulipira kuti awafufuzire zinthu, musayambire pa chipewa ndi chijekete chachitali chija timachiona m'mafilimu. Yambirani apa: munthuyu alibe mphamvu iliyonse. Unyolo alibe, sangalowe m'nyumba ya eni ake n'kuyamba chipikisheni, sangaitanitse munthu ku ofesi kwake kuti adzayankhe mafunso, ndipo akagogoda pakhomo mwini nyumba atha kungomuyang'ana kuyambira kumutu mpakana kumapazi n'kumutsekera chitseko, basi zathera pomwepo, alibe kokadandaula. Wapolisi kumbuyo kwake kuli boma. Uyu kumbuyo kwake kuli kasitomala, amenenso mwina wamunamiza.

Nde kuti munthu wanuyu akhale wamoyo papepala, moyo wake ndi khalidwe lake zichokere pa kusowa mphamvu kumeneku. Popeza sangakakamize aliyense, chomwe chimatsegula pakamwa pa anthu ndi mmene iyeyo alili, nkhope yake, kalankhulidwe kake, kupirira kwake, mabodza omwe amatha kunama osaphethira ndi omwe amamukanika. Khalidwe lake ndiye chida chogwirira ntchito, chinanso alibe. Alembi ambiri oyamba kumene amayambira kumapeto, amalemba kaye mndandanda wa zizolowezi, eti amasuta fodya kwambiri, amamwa mowa yekhayekha usiku, mkazi anamuthawa, ali ndi chipsera patsaya, kenako n'kumuponya mu mlandu wakupha kuti azithamangathamanga. Koma mutachotsa fodyayo ndi chipseracho mupeza nkhani ikuyendabe chimodzimodzi, kusonyeza kuti zinangomatidwa pamwamba.

Asanayambe ntchitoyi ankatani?

Funso ili musalichepetse, chifukwa ntchito yakale ndi yomwe imamuuza munthu poyang'ana akalowa m'chipinda. Yankho lomwe limabwera msanga ndi loti anali wapolisi kenako anamuchotsa ntchito, sikuti ndi loipa ayi, kungoti lagwiritsidwa ntchito mpaka lafwifwa. Chonsecho mbiri yeniyeni ya ntchitoyi ndi yokoma kuposa pamenepo. Eugène François Vidocq wa ku France, yemwe anatsegula ofesi yake yofufuza ku Paris mu 1833 ndipo ambiri amaitenga ngati yoyamba ya mtundu umenewu, anali chigawenga chomwe chinamangidwa n'kuthawa m'ndende kangapo chisanayambe kugwira ntchito ndi apolisi, ndipo ambiri mwa anthu omwe ankawalemba ntchito anali akaidi akale ngati iye yemwe. Makasitomala ake ambiri anali amalonda ofuna kudziwa ngati munthu yemwe akufuna kuchita naye bizinesi si tambwali. Allan Pinkerton, wobadwira ku Scotland, yemwe anayambitsa kampani yake ku Chicago cha m'ma 1850, ntchito yake yoyamba inali yokhoma migolo yamatabwa. Ndiye mu 1856 kunafika mayi wamasiye, Kate Warne, kudzapempha ntchito kwa Pinkerton yemweyo, osati ya ukalaliki koma yofufuza, mfundo yake inali yoti mzimayi atha kupalana ubwenzi ndi akazi komanso zibwenzi za anthu oganiziridwa n'kumva zinthu zomwe mwamuna sangauzidwe olo atatani. Anamulemba, ndipo mu 1861 anali m'gulu lomwe linamudutsitsa Abraham Lincoln, yemwe anali atangosankhidwa kukhala pulezidenti wa America, mu mzinda wa Baltimore usiku mwakachetechete zitamveka kuti pali chiwembu chofuna kumupha.

Wakuba wakale amadziwa mmene wakuba amaganizira, mayi uja anaona khomo lomwe amuna onse ankalidutsa osaliona. Wanunso abwere ndi maso akeake.

Tiyeni tiumbe wathu pompano kuti zimveke bwino. Timutche Eneresi, wazaka 46, anagwira ntchito nthawi yaitali ku kampani ya inshuwalansi, ntchito yake inali kuunika mafomu a anthu opempha chipukuta misozi kuti aone ngati mulibe chinyengo. Nde maso ake amathamangira pa madeti, masiginecha, zidindo, inki yomwe yasintha pakati pa mzere, lisiti yomwe nambala yake sikugwirizana ndi tsiku lomwe akuti inalembedwa. Akalowa m'nyumba ya munthu sasakasaka magazi pansi, amayang'ana kalendala yapakhoma ndi maenvelopu omwe angounjikidwa osatsegulidwa. Koma za mfuti sadziwa kalikonse, kuthamanga mtunda wautali sangathe, ndewu amaiopa ngati wina aliyense. Apa gwirani mtima, musayambe kumuunjikira maluso kuti adziwenso kuthyola maloko, kulowa m'makompyuta a anthu, zilankhulo zisanu ndi karate yomwe. Chomwe sangathe ndi chomwe chimamukakamiza kukapempha thandizo kwa ena, ndipo pokapemphapo ndi pomwe ampangankhani ena amalowera mu nkhani mwachilengedwe.

Nanga anasiyiranji ntchito yabwino ya pamwezi? Tsiku lina anapeza kuti mayi wina wamasiye anasintha deti pa pepala limodzi kuti imfa ya mwamuna wake igwere mkati mwa nthawi ya inshuwalansi. Eneresi analemba lipoti, kampani inakana kulipira, abwana anamuyamikira pamaso pa anzake onse, ndipo iye sanalakwitse pena paliponse, deti linasinthidwadi. Chimenecho ndiye chimamudya mpaka lero. Ine ndimaona kuti bala la mtundu uwu limagwira ntchito kuposa lija loti anamuchitira nkhanza kapena anamuphera wachibale, chifukwa alibe woti amukwiyire, alibe woti amubwezere, ndipo nthawi iliyonse akapeza choona amayamba wadzifunsa kuti kodi ichi chigwera ndani. Musazifotokoze zonsezi pa tsamba loyamba. Inuyo muzidziwe, owerenga azingoona kuti mayiyu akafika polemba lipoti dzanja limalemera, chifukwa chake adzachimva mochedwa.

Ndani akumulipira?

Ofufuza enieni sakhalira milandu yakupha, imeneyo ndi ya apolisi. Zomwe zimawadyetsa ndi kulondalonda mwamuna kapena mkazi yemwe akuganiziridwa kuti ali ndi chibwenzi chamseri, kusaka munthu yemwe anathawa ngongole kapena wachibale yemwe anasowa kalekale, kutsimikizira a inshuwalansi ngati uja akuti anathyoka msana sakunyamula matumba a simenti kuseri, kuwapezera maloya mboni, kukapereka masamoni kwa munthu yemwe akuwazemba, kufufuza mbiri ya munthu asanamulembe ntchito. Zambiri n'zotopetsa zedi. Koma kwa mlembi ndi chuma, chifukwa mlandu waukulu umakoma ukalowera pa kakhomo kakang'ono. Munthu wabwera kudzati mundipezere mchimwene wanga tigawane chuma chamasiye, ntchito ya masiku ochepa, ndipo pofika pakati pa nkhani wofufuza wazindikira kuti mchimweneyo sanasowe, akubisala, ndipo yemwe akumubisalira ndi yemwe akulipirayu.

Kasitomala sanena zonse, ichi chikhale m'mutu mwanu nthawi zonse. Pena amanama dala, pena ndi manyazi chabe, pena iye mwini amakhulupirira bodza lake. Nde ganizirani mmene wofufuza wanu amachitira akazindikira kuti wanamizidwa, kodi amabweza ndalama, amapitiriza mwakachetechete kuti aone pothera, kapena amakwera mtengo? Yankho lake likuuzani za munthuyu kuposa masamba atatu ofotokoza ubwana wake.

Ndalama zionekenso mu nkhani, musachite nazo manyazi. Amalipiritsa pa ola kapena pa tsiku, amayamba walandira dipoziti, amasunga malisiti a mafuta a galimoto mu envelopu kuti akamuonetse kasitomala yemwe amakangana pa lisiti iliyonse, lendi ya kaofesi kake yatsalira, landilodi akuimba foni. Wofufuza yemwe lendi yamufika m'khosi amavomera ntchito yomwe mtima wake ukuikana, ndipo nkhani zabwino zambiri zimabadwira pomwepo.

Funso loti ukugwirira ndani lakhala likuivutitsa ntchitoyi kuyambira kale. Kampani ya Pinkerton yomwe ija inateteza Lincoln, mu 1892 inatumiza anthu ake pafupifupi 300 ku Homestead, kufupi ndi Pittsburgh, italembedwa ndi kampani ya zitsulo ya Carnegie pa nthawi yomwe inali pa mkangano ndi antchito ake, kunabuka kuwomberana ndipo anthu anafa mbali zonse ziwiri. Chaka chotsatira, 1893, ku America kunakhazikitsidwa lamulo loletsa boma kulemba ntchito anthu a kampaniyi ndi ena otere. Kampani imodzimodziyo, luso limodzimodzilo, chinasintha ndi wolipira basi. Nde mufunseni wanuyo kuti ndi ntchito iti yomwe angaikane olo atagona ndi njala. Eneresi lamulo lake ndi ili, mwamuna akabwera akulira kuti mkazi wanga wasowa mundipezere, amamusaka ndithu mkaziyo, koma adiresi sapereka asanakumane naye payekha n'kumufunsa ngati akufuna kupezeka. Mukamuikira malire chonchi musawasiye akongoletse nkhani, ayeseni. Mubweretsereni mwamuna yemwe akulipira kuwirikiza kawiri pa sabata yomwe mwana wake akufunika fizi, ndipo mwamunayo aoneke wofatsa, waulemu, woti aliyense angamukhulupirire.

Amawalankhulitsa bwanji anthu

Apa ndi pomwe khalidwe limaonekera likugwira ntchito, nde musankhireni njira yake imodzi yomwe ikufanana naye. Wina amadzipusitsa kuti anthu amudelere n'kumasuka, wina amamvetsera madandaulo a munthu ola lathunthu mpaka munthuyo kulankhula zomwe sanafunsidwe, wina amangokhala duu kumuyang'ana mnzake mpaka chete uja amulemere. Eneresi anaphunzira ku mafomu kuti anthu safuna kufunsidwa koma amakonda kukonza wolakwitsa, nde iye amalakwitsa dala.

Tinene kuti wafika pa geti la mafulati, mlonda ndi bambo wachikulire. Akanafunsa kuti kodi a mu nambala 12 anabwera nthawi yanji Lachisanu, bamboyo akanangoti sindikudziwa mayi, ine yanga ndi geti. Nde amayamba chonchi.

"Pepani bambo, ndakusokonezani. Ndimati ndisiye kalata ya a mu 12, koma ndamva kuti anasamuka mwezi watha eti?"

"Ayi mayi, amenewo sanasamuke, alipo."

"Ooh? Komatu Lachisanu ndinadutsa madzulo kuli zii, galimoto kulibe, ndinangoti basi anapitadi."

"Lachisanu anabwera mochedwa, ndinawatsegulira ndine, 11 koloko itadutsa. Galimotonso sinali yawo ija, anabwera pa ina yoyera."

"Aaa nde tinaphonyana. Zikomo bambo, mugwire bwino ntchito."

Sanafunse za nthawi, sanafunse za galimoto, zonse wapatsidwa. Ndipo taonani zomwe tamudziwira mayiyu mu mizere yochepayi popanda mlembi kutiuza, amanama mosavutikira, amalemekeza anthu omwe ena amangowadutsa, komanso si wadyera, sanafunse kuti m'galimoto yoyerayo munali ndani ngakhale ndi chomwe akuchifunitsitsa, wachoka bamboyo asanayambe kudabwa kuti akhoze kudzabweranso mawa. Kenako mupatseni kamphindi ali yekha, akumbukire kuti zikadzaululika ku khothi kuti nthawiyi inachokera pa geti, woyamba kuchotsedwa ntchito ndi bambo yemwe uja wamuyankha mwaulemu. Wofufuza wanu amagwiritsa ntchito anthu, ndiyo ntchito yake, funso n'loti zimamukhudza kapena ayi.

Kudikira

M'mafilimu amadula, mumangoona wofufuza waima kunja kwa nyumba kenako pompo woganiziridwa watuluka. Zoona zake n'zoti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kukhala m'galimoto osachita kanthu, ndipo mlembi wanzeru satayapo mwayi. Injini yazimitsidwa kuti isakope maso, nde kukatentha akuphikika, kukazizira magalasi akuchita nthunzi ndi mpweya wake womwe ndipo akupukuta ndi mkono wa juzi kuti aone geti. Madzi akumwa pang'onopang'ono ngati mankhwala chifukwa akangopita kukataya madzi ndi nthawi yomwe munthu uja atulukire. Foni sangaiyang'ane kwambiri, kuwala kwake kumamuonetsa nkhope usiku komanso batire ikufunika pojambula. Pa ntchafu pali kope, amalemba nthawi ndi zomwe waona, 18:40 magetsi a chipinda chapamwamba ayaka, 19:15 mwana watuluka ndi bini, 20:50 palibe, 21:30 palibe. Msana ukuwawa, mwana wa neba wamuzungulira kawiri ndi njinga akumusuzumira, ndipo akudziwa kuti kachitatu akaitana amayi ake.

Mu maola amenewa munthu amaganiza chiyani? Apa ndi pomwe mungatilowetse m'mutu mwake popanda kuimitsa nkhani. Eneresi amawerengera ngongole zake kuseri kwa kope lomwelo, ndipo pena amapezeka kuti wayamba kumukonda munthu yemwe akumulondayo chifukwa wamuona akuthirira maluwa ndi kusewera ndi galu masiku angapo, pamene kasitomala wake anangokumana naye kamodzi, atabwera ali wokwiya.

Pa maonekedwe musadzivute kumukongoletsa. Wolonda anthu amafunika nkhope yoiwalika, galimoto yoiwalika, zovala zoti mboni itafunsidwa ingoti kaya, anali munthu basi. Dashiell Hammett, yemwe anagwirapo ntchito ku Pinkerton pakati pa 1915 ndi 1922 asanakhale mlembi, wofufuza wa m'nkhani zake yemwe anayamba kulemba za iye mu 1923 anali bambo wamfupi, wonenepa, wazaka zapakati, ndipo dzina lake silitchulidwa n'komwe mu nkhani zonsezo. Munthu woti anaigwirapo ntchitoyo ankadziwa kuti wooneka bwino amagwidwa pa kona yachiwiri.

Zizolowezi ndi chofooka

Tsopano mutha kumupatsa tizizolowezi tija, bola tigwire ntchito. Arthur Conan Doyle, yemwe anatulutsa wofufuza wake wopeka Sherlock Holmes mu 1887, kapenyedwe ka Holmes anakatengera kwa mphunzitsi wake wa zaudokotala ku Edinburgh, Joseph Bell, yemwe ankatha kumuuza wodwala ntchito yomwe amagwira ndi komwe wachokera pongomuyang'ana manja, kayendedwe ndi zovala. Chizolowezi chomwe anthu amamukumbukira nacho Holmes ndi njira yake yogwirira ntchito yomwe. Hercule Poirot, wofufuza wa m'mabuku a Agatha Christie, naye sapirira kuona chinthu chitapendekeka, amangowongolawongola, ndipo mu buku lake loyamba la 1920 kuwongola tizinthu ta pashelefu komweko n'komwe kunamutsegula maso, atakumbukira kuti anali atatiwongola kale, kusonyeza kuti wina anatigwira pambuyo pake. Nde muyeso wake ndi wosavuta, chizolowezi chilichonse chomwe mwamupatsa, pena pake mu nkhani chimuthandize kapena chimugwetse. Eneresi sataya lisiti, olo ya wina akaipeza pa tebulo amangoipinda n'kuika m'chikwama osaganiza. Tsiku lina imodzi mwa izo idzamupulumutsa, tsiku lina idzapezeka m'chikwama mwake pa nthawi yolakwika.

Chofooka ndiye chimafuna kulimba mtima kwa mlembi. Mowa ambiri amauthamangira chifukwa ndi chofooka chosavuta, munthu amamwa usiku, m'mawa wadzuka mutu ukuwawa koma mlandu akuumasulabe bwinobwino, palibe chomwe wataya. Chofooka chenicheni chiwononge mlandu, chivulaze munthu wosalakwa, chimuchititse manyazi pamaso pa owerenga. Cha Eneresi chikuchokera ku bala lake lija, akamumvera chisoni munthu yemwe akumufufuza amabisa zina mu lipoti. Zikumveka ngati ubwino eti? Dikirani tsiku lomwe adzabise umboni wa mnyamata wooneka womvetsa chisoni, kenako mnyamatayo n'kukabera agogo ena ndalama zawo zonse za penshoni. Pamenepo owerenga sadziwa ngati amukwiyire kapena amumvere chisoni, ndipo buku saliika pansi.

Kumbukiraninso kumulola kuti aziphonya. Aganizire munthu wolakwika kwa machaputala angapo, pa zifukwa zomveka, zochokera ku tsankho lake lomwe. Ndipo zomwe iye waona owerenganso azione, osamubisira umboni m'thumba kuti adzautulutse pa tsamba lomaliza, kumeneko ndi kubera owerenga.

Apolisi ndi malamulo

Ubale wake ndi apolisi usakhale wa chikondi koma usakhalenso woti apolisi onse ndi mbuli, zimenezo n'zaulesi. Iwo ali ndi mafayilo, ma labu ndi mphamvu yomanga, iye ali ndi nthawi komanso anthu omwe sangalankhule ndi wa yunifolomu, nde amafunana uku akunyansidwana. Vidocq yemwe uja, ngakhale anatsogolerapo nthambi ya apolisi ofufuza, apolisi a ku Paris sankaifuna ofesi yake ndipo mu 1842 anamumanga. Mupezereni wanuyo wapolisi mmodzi yemwe amayankha foni yake, ndipo thandizo lililonse likhale ngongole yoti adzabweze.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, kwina wofufuza amafunika laisensi yomwe atha kulandidwa, kwina kulibe lamulo lapadera, nde fufuzani za komwe mwaika nkhani yanu. Koma pafupifupi kulikonse kuthyola nyumba, kudzitcha wapolisi ndi kumvetsera mafoni a anthu mobisa ndi milandu. Ku Britain wofufuza wina yemwe ankagwirira ntchito nyuzipepala ya News of the World anagamulidwa kukakhala kundende mu 2007 chifukwa chomvetsera mauthenga a pafoni a anthu ogwira ntchito ku banja lachifumu, ndipo nkhaniyo itakula nyuzipepalayo inatsekedwa mu 2011. Sindikuti wanu asamaswe lamulo, aswe ndithu ngati nkhani ikufuna, koma adziwe kuti akuswa, manja anjenjemere, ndipo mtengo wake ubwere.

Akaweruka amapita kuti?

Munthu yemwe tsiku lonse amaona anthu akunamizana safika kunyumba ali bwinobwino. Eneresi ali ndi mwana wamkazi wazaka 17 yemwe akati ndinali kwa mnzanga kuwerenga, mayi ake amangoona okha kuti kope silinatsegulidwe ndipo nsapato zili ndi matope a kwina, safuna kuona koma maso anazolowera, nde funso la usiku uliwonse ndi loti anene kapena akhale chete. Mwanayo anamuuzapo kuti amama, ine si kasitomala wanu, ndipo mawu amenewo amamubwerera akakhala m'galimoto muja. Simukufunika banja lalikulu, munthu mmodzi yekha yemwe amamudziwa asanakhale wofufuza ndipo samuopa ndi wokwanira.

Za msinkhu ganizirani msanga ngati mukufuna kudzalemba nkhani zingapo za munthu yemweyu. Christie anamuyambitsa Poirot ali kale wopuma pa ntchito ya upolisi ku Belgium, ndipo buku lomaliza la Poirot linatuluka mu 1975, nde tawerengerani nokha kuti bamboyo anayenera kukhala ndi zaka zingati. Doyle naye anatopa ndi Holmes mpaka kumupha pomugwetsera pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland mu 1893, koma owerenga sanamusiye ndipo mu 1903 anamudzutsa. Umbani munthu woti mutha kukhala naye nthawi yaitali, ndipo musiyireni zina zosamasulidwa zoti mudzazigwire mu nkhani yachiwiri.

Wofotokoza nkhani musankhenso mwadala. Akamafotokoza yekha, owerenga amamva mawu ake ndi nthabwala zake koma simungawabisire zomwe akuganiza popanda kuwabera. Akamafotokoza mnzake woyenda naye, mutha kubisa maganizo ake koma mtima wake tiziuonera patali. Kwa munthu ngati Eneresi yemwe nkhondo yake ili mkati, ine ndingamusiye afotokoze yekha, ndi ziganizo zouma ngati za lipoti, zomwe zimangosweka pena ndi pena.

Musanalembe chaputala choyamba, yesani kaye kulemba tsamba limodzi la tsiku lopereka lipoti. Kasitomala wakhala kutsidya la tebulo, envelopu ya zithunzi ili pakati, ndalama yotsala sanamalize kulipira. Munali zithunzi zisanu ndi chimodzi koma chimodzi wofufuza wanu wachichotsa, chili mu dilowa. Lembani zomwe akunena, zomwe akusiya, komwe maso ake akuyang'ana kasitomala akafunsa kuti ndi zokhazi? Ngati mwafika pa funso limenelo ndipo simukudziwa chomwe ayankhe, bwererani ku ntchito yake yakale ndi chomwe anasiyira, mukonze kumeneko kaye, kenako mudzalembenso tsambalo.